Chogwirika ndi Chosagwirika: Mbiri ya Mawu Akuti Tangible

Wophunzira zauphunzitsi aliyense, asanathe chaka chake choyamba pa koleji, amakhala atamva lamulo lakuti mwana wamng'ono aziyamba ndi zinthu zogwirika, ndipo zinthu za m'maganizo zizibwera pambuyo. M'mabuku a Chingelezi lamuloli limadza ndi mawu awiri, akuti tangible ndi akuti concrete. Ophunzira ambiri amaloweza mawuwa nawalemba bwino pa mayeso, koma akafunsidwa kumene adachokera ndi chimene adatanthauza poyamba, amangoti kukamwa yasa. Pamenepa pali chodabwitsa, pakuti mawu amene amalamula kuti mwana agwire chinthu asanachitchule, iwo eni akuphunziridwa moloweza, opanda powagwira. Mbiri yawo ndi yaitali, yopitirira zaka 2,000, ndipo mphunzitsi akaidziwa amamvetsa chifukwa chake lamulo lija lidaikidwa.

Muzu wake m'Chilatini

Aroma akale adali ndi mneni wakuti tangere, ndiko kuti kukhudza. Munthu akafuna kunena kuti ndikhudza ankati tango. Akafuna kunena kuti ndidakhudza ankati tetigi. Ndipo chinthu chokhudzidwa ankachitcha tactum. Poyang'ana maonekedwe atatuwa, zikuoneka kuti muzu weniweni ndi tag, ndipo n amene akumveka mu tango amangolowa m'nthawi zina za mneni, m'zina natuluka. Ichi ndicho chifukwa chake ana a mneniyu safanana nkhope: ena ali ndi tang, ena tact, ena ting, ndipo ena teg.

Kumapeto kwa mneni Aroma ankaphatikako kachidutswa kakuti bilis, kotanthauza kuti chinthucho chingathe kuchitidwa motero. Videre ndiko kuona, visibilis ndi chooneka. Audire ndiko kumva, audibilis ndi chomveka. Momwemonso tangere adabala tangibilis, chinthu chimene chingathe kukhudzidwa. Mwana wolankhula Chichewa sasowa kuuzidwa zambiri pamenepa, pakuti chinenero chake chimachita zomwezi ndi kachidutswa kakuti ika kapena eka: kuona kumabala kuoneka, kumva kumabala kumveka, kugwira kumabala kugwirika, ndipo kukhudza kumabala kukhudzika.

Mkangano wa anthu anzeru

Mfotokozi wakuti tangibilis adabadwa mochedwa, koma ganizo lake lidayamba kale. Lucretius, mlakatuli wa ku Roma amene adamwalira cha m'ma 55 Khristu asanabadwe, adalemba buku lalitali lotchedwa De Rerum Natura, lofotokoza chilengedwe cha zinthu. Iye ankaphunzitsa kuti zonse zilipo ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, pamodzi ndi malo opanda kanthu amene tinthuto timayendamo. Muyeso wake wodziwira ngati chinthu chili ndi thupi udali umodzi, ndiwo wakuti chikhoze kukhudza ndi kukhudzidwa. Mphepo sioneka, koma imagwetsa mitengo ndi kumiza zombo. Choncho ili ndi thupi. Mphete imapyapyala pa chala pakupita kwa zaka, madontho a madzi amaboola mwala, ndipo khasu la pulawo limatha m'nthaka, ngakhale palibe diso limene limaona tizidutswa tikuchoka. Kwa Lucretius diso likhoza kulephera, koma kukhudza ndiko mboni yosanama. Iye adafika ponena kuti ngakhale mzimu wa munthu uli ndi thupi, popeza umasuntha ziwalo, ndipo kuti umafa pamodzi ndi mwini wake.

Patapita zaka zoposa 300 padadzuka munthu womutsutsa. Dzina lake adali Lactantius, mphunzitsi wa luso la kulankhula wochokera kumpoto kwa Africa, amene atakalamba adaphunzitsa Crispus, mwana wa mfumu Constantine. M'buku lake la Divinae Institutiones, lolembedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 300, adalekanitsa thupi, limene limaoneka ndi kukhudzika, ndi mzimu, umene diso ndi dzanja siziupeza. Iye ndi mmodzi mwa alembi amene mawu akuti tangibilis amapezeka m'mabuku awo. Tsono mawuwa adakulira pakati pa mkangano, ndipo funso lake lidali ili: kodi chosakhudzika chilipodi, kapena chenicheni ndi chokhacho chimene dzanja lingachipeze?

Pa bwalo la milandu

Funso lomweli lidavutanso akatswiri a malamulo, ndipo iwo sakadalisiya m'malere, pakuti milandu ya chuma imafuna yankho. Cha m'ma 161 mphunzitsi wina wa malamulo, dzina lake Gaius, adalembera ophunzira ake buku lotchedwa Institutiones. M'menemo adagawa chuma chonse pawiri. Gawo loyamba ndi zinthu za thupi, ndizo zimene zingakhudzidwe, monga munda, chovala, golide ndi siliva. Gawo lachiwiri ndi zinthu zopanda thupi, zimene sizingakhudzidwe koma zimakhalapo chifukwa cha lamulo, monga ufulu wolowa chuma cha masiye, ufulu wodya zipatso za munda wa mwini, ndi ngongole. Ndalama zimene wangongole adzabweze ndi zogwirika, koma mphamvu yakuti mwini ngongole azilonjerera ndalamazo palibe angaiike m'thumba. Komabe ndi chuma, ndipo munthu angathe kuisiyira ana ake.

Pa mndandanda wa zinthu zokhudzika Gaius adaikaponso kapolo, pakati pa munda ndi chovala. Ichi chikumbutsa wowerenga kuti kusanja mawu si masewera. Munthu akangolembedwa m'gulu la zinthu, lamulo limaloleza kuti agulidwe ndi kugulitsidwa monga chinthu.

Dzanja lidali ndi ntchito yaikulu pa malonda a Aroma. Pogula chuma chofunika, monga kapolo, ng'ombe, kavalo kapena bulu, padali mwambo wotchedwa mancipatio, mawu ochokera ku manus, dzanja, ndi capere, kugwira. Pankakhala mboni 5, onse amuna aakulu ndiponso nzika za Roma, ndi munthu wina wonyamula sikelo. Wogula ankagwira chogulacho ndi dzanja, nanena poyera kuti ndi chake, kenaka namenya sikelo ndi kachidutswa ka mkuwa, napereka mkuwawo kwa wogulitsa. Mwambowu udatha m'nthawi ya mfumu Justinian, koma kugawa kwa Gaius kudalowa m'buku la malamulo limene mfumuyo idatulutsa mu 533, ndipo kuchokera m'menemo kudafalikira m'malamulo a maiko ambiri. Buku la Gaius mwini lidasowa kwa zaka mazanamazana, kufikira mu 1816 pamene Barthold Niebuhr adalipeza ku Verona, litabisika pansi pa zolemba zina zimene alembi adalemba pamwamba pake pa zikopa zomwezo. Mpaka lero owerengera chuma cha makampani amalekanitsa chuma chogwirika, monga nyumba ndi makina, ndi chuma chosagwirika, monga dzina la malonda ndi umwini wa buku.

Ulendo wopita ku Chingelezi

Ufumu wa Roma wa kumadzulo udagwa mu 476, koma Chilatini sichidafe nawo. Pakamwa pa anthu wamba chidasandulika Chifalansa, Chitaliyana, Chisipanishi ndi Chipwitikizi, pamene m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'mabwalo a milandu chidakhalabe chinenero cholembera. Choncho ana a tangere adalowa m'Chingelezi pa makomo awiri. Ena adadzera m'Chifalansa, chimene chidakhala chinenero cha olamulira ku England kuyambira mu 1066, ndipo awa adafika atapereseka ngati mwala wa mumtsinje. Integer, kutanthauza chosakhudzidwa ndiponso chathunthu, adasanduka entire. Attingere, kufika pokhudza chinthu, adasanduka attain. Ena adatengedwa m'mabuku ndi anthu ophunzira, ndipo awa adasunga maonekedwe awo akale. Tangible ali m'gulu lachiwirili, ndipo adayamba kuoneka m'Chingelezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1500.

Banja lonse likasonkhana pamodzi, mawu ambiri amene ana amavutika nawo amamasuka okha. Contact ndiko kukhudzana. Contagion ndi nthenda yofala mwa kukhudzana. Intact ndi chinthu chimene sichidakhudzidwe, choncho n'chosaonongeka. Integer pa masamu ndi nambala yathunthu, yosabenthulidwa, ndipo integrity ndi khalidwe la munthu amene chiphuphu sichidamukhudze. Tact poyamba kudali kumva kwa khungu, ndipo pambuyo pake kudasanduka luso lodziwa kukhudza nkhani yowawa popanda kupweteka mnzako. Tangent ndi mzere wowongoka umene umangokhudza mkombero pa malo amodzi osaudula, monga momwe msewu wosalala umakhudzira gudumu la njinga. Dzinali adalilowetsa m'masamu ndi Thomas Fincke wa ku Denmark m'buku lake la mu 1583. Palinso taxare, mneni wonena za kukhudzakhudza chinthu pofuna kudziwa mtengo wake. Iye adabala tax, ndiwo msonkho, ndi taximeter, kachipangizo kowerengera mtengo wa ulendo, kamene dzina lake litadulidwa lidafika m'Chichewa ngati takisi.

Mnzake wa tangible, ndiye concrete, adachokera kwina. Muzu wake ndi crescere, kukula, ndipo concrescere ndiko kukulira pamodzi kapena kuundana. Aroma ankanena motero za mkaka woundana ndi za madzi ouma ndi chisanu. Anthu ophunzira a zaka za pakati adabwereka mawuwa ponena za chinthu chimene makhalidwe ake onse adaundana pamodzi, monga mwala woyera, polekanitsa ndi abstractum, ndiko kuti chopatulidwa, monga kuyera kukaganiziridwa pakokha. Tanthauzo la simenti yosakaniza ndi mchenga ndi miyala lidadza mochedwa, cha m'ma 1830, Joseph Aspdin wa ku Leeds atalembetsa kale simenti yake ya Portland mu 1824. Tanthauzo lomalizali ndilo lidafika m'Chichewa ngati konkire. Mphunzitsi asadabwe tsono mwana akamva za concrete naganiza za mlatho kapena pansi pa sitolo. Mwanayo sadalakwe, koma wangodziwa mdzukulu asanadziwe agogo.

Mawu alowa m'kalasi

Kwa zaka zambiri sukulu za ku Ulaya zidali zoloweza Chilatini. Mwana ankatchula maina a zinthu zimene sadazionepo, ndipo akaphonya ankalandira chikoti. John Amos Comenius wa ku Moravia adatsutsa njira imeneyi. Mu 1658 ku Nuremberg kudasindikizidwa buku lake la Orbis Sensualium Pictus, la mitu 150, mutu uliwonse uli ndi chithunzi, ndipo chinthu chilichonse pa chithunzipo chili ndi nambala yolozera ku dzina lake m'Chilatini ndi m'chinenero cha mwana. Chiphunzitso chake chidali chakuti chooneka chiperekedwe ku maso, chomveka ku makutu, ndipo chokhudzika ku dzanja, ndiponso kuti chithunzi chilowe m'malo pokhapo pamene chinthu chenicheni sichingapezeke.

M'zaka zomwezo anthu anzeru ankafunsana ngati diso lokha lingathe kudziwa zimene dzanja limadziwa. Mu 1688 William Molyneux wa ku Dublin adalembera John Locke funso lotere: munthu wobadwa wosaona, amene adaphunzira kusiyanitsa mpira ndi kabokosi ka mbali 6 mwa kukhudza, atapenya mwadzidzidzi, kodi angazisiyanitse ndi maso okha asanazikhudze? Onse awiri adaganiza kuti sangathe, ndipo Locke adaika funsoli m'buku lake mu 1694. Yankho la umboni lidadza mu 2011, pamene Richard Held, Pawan Sinha ndi anzawo adafalitsa zimene adapeza kwa ana 5 a ku India amene adabadwa osaona nachiritsidwa maso ali a zaka za pakati pa 8 ndi 17. Atangopenya, anawo sankatha kuloza ndi maso chinthu chimene adangochikhudza kumene. Koma patapita masiku owerengeka adayamba kutha. Izi zikuonetsa kuti diso ndi dzanja sizibadwa zikudziwana, koma zimaphunzitsana pogwira ntchito limodzi.

Johann Heinrich Pestalozzi wa ku Switzerland, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1746 mpaka 1827, ndiye adasandutsa ganizoli kukhala ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pa sukulu yake ya ku Yverdon, imene idakhalapo kuyambira 1805 mpaka 1825, ana ankawerenga timiyala ndi nyemba asanaone nambala yolembedwa, ndipo ankayenda m'chigwa asanaone mapu ake. Njirayi idafika ku England kudzera mwa Charles Mayo, amene adakhalapo ku Yverdon, ndi mlongo wake Elizabeth Mayo, amene cha m'ma 1830 adalemba buku la Lessons on Objects. Mu 1836 ku London kudakhazikitsidwa bungwe la Home and Colonial School Society, limene lidaphunzitsa aphunzitsi ambiri njira imeneyi.

Komatu apa ndi pamene mbiriyi ili ndi chenjezo. M'manja mwa aphunzitsi osamvetsa cholinga chake, phunziro la zinthu lidabwerera ku kuloweza. Mphunzitsi ankanyamula kachidutswa ka galasi kutsogolo kwa kalasi, ana nayimba mndandanda wa makhalidwe ake m'mawu aatali ochokera ku Chilatini, popanda ndi mmodzi yemwe wolikhudza. Charles Dickens adaseka sukulu zoloweza zotere m'buku lake la Hard Times la mu 1854, m'mene mtsikana wokulira pakati pa akavalo alephera kunena tanthauzo la kavalo, pamene mnyamata woloweza chiwerengero cha mano ake ayamikiridwa.

Chichewa chiti bwanji?

Womasulira mosamala aona kuti tangere ndi kukhudza, osati kugwira. Kugwira kwa Aroma kudali capere kapena prehendere. Kutsata muzu, tangible ndi chokhudzika. Komabe pakamwa pa anthu mawu amene adakhazikika ndi akuti chogwirika. Pa bwalo la mfumu amafuna umboni wogwirika, ndipo pa msonkhano munthu wolankhula zopanda mutu amauzidwa kuti sadanene chogwirika. Kusiyanaku kuli ndi phunziro lake. Kukhudza ndi ntchito ya nsonga ya chala, ndipo kumangotsimikiza kuti chinthu chilipo. Kugwira ndi ntchito ya dzanja lonse, ndipo kumapatsa munthu mphamvu pa chinthucho. N'chifukwa chake mneniyu adabala mawu ambiri a moyo wa pamudzi: kugwira ntchito, kugwirizana, kugwira mwendo popepesa, ndi mawu ogwira mtima. Kukhudza nakonso kudapita m'kati, pakuti munthu amakhudzidwa ndi maliro a mnansi ngakhale palibe wamuika dzanja.

Pali kusiyana kwina. Mngelezi akamvetsa chinthu amati comprehend, kuchokera ku prehendere, ngati kuti nzeru ndi dzanja logwira. Mchewa amati wamva, kapena wamvetsa, ndipo kumva komweko ndiko amamvera mawu, kuzizira, fungo ndi kuwawa. Chinenero chilichonse chidatenga mawu a za m'maganizo kuchokera ku thupi, koma sizidatenge pa chiwalo chimodzi. Ndipo akuluakulu a Chichewa adadziwa kuti ngakhale chogwirika chili ndi malire ake, pamene adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Kugawa kwa Gaius kudafikanso pa miyambo ya ku Malawi. Mu 2003 bungwe la UNESCO lidakhazikitsa pangano loteteza chuma cha makolo chimene lidachitcha intangible, ndiko kuti chosagwirika, polekanitsa ndi malo ndi zomangamanga. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni m'boma la Dedza, zopezeka pa malo 127, zidalembedwa mu 2006 m'kaundula wa malo, pakuti thanthwe limagwirika. Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adalengezedwa mu 2005 nalowa m'kaundula wa zosagwirika mu 2008, ndipo nsima idalowamo mu 2017. Mwana wochenjera angafunse kuti nsima ingakhale bwanji yosagwirika, pamene munthu amaitema ndi dzanja tsiku ndi tsiku. Yankho lake ndi lomwe lija la ngongole ndi ndalama. Mtanda wa nsima ndi wogwirika, koma chimene chidalembedwa ndi luso lokonola, losinja, lophika phala ndi kuvundula, pamodzi ndi mwambo wa kadyedwe. Zimenezi sizisungika m'nkhokwe. Zimakhala mwa anthu, ndipo mbadwo umodzi ukaleka kuphunzitsa unzake zimatha.

Chotsalira mphunzitsi

Mbiri yonseyi ikuonetsa njira imodzi. Mawu adayambira pa chala, napita ku mkangano wa anzeru, ku bwalo la milandu, ku masamu ndi ku khalidwe la munthu, koma paliponse adatenga tanthauzo lawo kuchokera ku ntchito yoyamba ija ya thupi. Mwana nayenso amayenda ulendo womwewo, ndipo sangaudumphe. Wa Sitandade 1 amene wamanga yekha mitolo ya timitengo khumikhumi amadziwa chifukwa chake 23 ndi mitolo 2 ndi timitengo 3. Amene adangoyimba manambala amasokonezeka tsiku limene adzafunsidwe kuchotsa 7. Zipangizo zake sizifuna ndalama, pakuti nthanga, zitsekerero za mabotolo, dongo, mchenga ndi masamba zili pakhomo pa sukulu iliyonse. Chofunika n'chakuti zifike m'manja mwa ana, zisathere pa tebulo la mphunzitsi monga galasi lija la ku England.

Koma mphunzitsi asaimenso pamenepo, ngati kuti chenicheni ndi chogwirika chokha. Timitengo ndi khomo lolowera ku nambala, ndipo nambala yeniyeniyo palibe adaigwirapo. Chilungamo, ulemu, ngongole ndi chinenero chimene mwana adayamwira sizikhudzika, komabe ndizo zimanga mudzi. Ntchito ya mphunzitsi ndi kudziwa nthawi yopatsa mwana timitengo ndi nthawi yomulanda, ndipo chizindikiro chake ndi pamene mwanayo ayamba kupeza yankho timitengo tili chigonere pa desiki.

Pophunzitsa mawu achilendo lamulo ndi lomweli. Mphunzitsi wofuna kuti ana a makalasi apamwamba adziwe tangible ayambe ndi mwala m'dzanja la mwana ndi utsi umene mwanayo alephera kuufumbata. Atchule chogwirika ndi chosagwirika m'Chichewa. Aonetse kuti ika ndi bilis zimagwira ntchito imodzi. Ndipo pomalizira pake alembe mawu a Chingelezi pa bolodi, pamodzi ndi abale ake contact ndi intact. Phunziro lotere limadya mphindi zochulukirapo kuposa kuloweza, koma mwana amatuluka ndi mawu atatu m'malo mwa amodzi, ndiponso amadziwa kuti chinenero cha kwawo chidali nalo kale ganizolo Chingelezi chisanafike.